Chithupsa cha m'chiwindi

Lolemba, 11 Januwale 2010

Anditula kwathu lero. A Yobu, amuna anga, anandikweza pa njinga kuchokera ku Simlemba. Anauza amayi kuti chipatala cha paboma chapeza khansa m'chiwindi, ndiye mkazi wa chitengwa asafere kwa eni. Amayi anangoti zikomo. A Yobu sanagone kuno, akuti fodya wayamba kupsa. Fodya yemwe ndinathira ndekha feteleza wa makuponi.

Lachinayi, 14 Januwale

Kutentha thupi. Kumanja pansi pa nthiti ngati aikapo mwala.

Loweruka, 16 Januwale

Achimwene a Masautso andifunsa, "Iwe Ezelina, dokotalayo unamumva wekha?" Ayi. Atandiunika pamimba anatuluka ndi a Yobu kukayankhulira pakhonde. Ine manyazi, sindinafunse.

Lachiwiri, 19 Januwale

Achimwene anapita okha paboma. Abwera osapereka ndi moni womwe.

Akuti adokotala anauza a Yobu zinthu ziwiri: mwina ndi chotupa cha khansa, mwina ndi chithupsa cha mafinya chomwe chimachizika. Makina awo sakutha kusiyanitsa, andiperekeze ku Blantyre kumakina aakulu. A Yobu anabwera nacho chimodzi chokha.

Ndalemba, ndafufuta, ndalembanso. Chimodzi chokha.

Lachitatu, 27 Januwale

Blantyre, andiperekeza achimwene. Makinawo amati emu-ara-ayi. Anandivula ndolo ndi mapini onse, akuti amakoka zitsulo. Umagona n'kulowa m'chimpope choyera, phokoso ngati chigayo. Anandibaya mankhwala pamkono. Mawu ankati, "Gwirani mpweya, mayi. Pumani." Ndinatsinzina mpaka kutuluka.

Lachisanu, 29 Januwale

Adokotala a kuno anayamba kufotokozera achimwene. Achimwene anati, "Muuzeni mwini wake, ali ndi makutu."

Anandionetsa chithunzi. Chinthu chozungulira, pakati madzi, m'mphepete mkombero wowala. Akuti khansa imakhala nyama yolimba, mankhwala aja amalowa mpaka mkati, koma pa ine anangowala m'mbali. "Ndi chithupsa ichi, mayi. Mukanachedwa chikanaphulikira m'mimba."

Anachipopa ndi singano yaitali. Zotuluka zofiirira ngati thobwa la mawere. Achimwene akuti thobwa asiya kumwa.

Ndinaseka, kenako ndinalira.

Lachiwiri, 16 Febuluwale

Ndili kwathu, ndikudya bwino. Pamjigo ndamva amayi awiri: "Lefina, mwana wa matenanti uja, ndiye akusoka fodya m'chigafa mwa Yobu. Madzulo sabwerera kwawo." Atandiona anayamba za mvula.

Lamulungu, 21 Febuluwale

A Yobu afika titaweruka kutchalitchi. Pakaliyala amangapo pilo woti ndikhalepo. Anakhala pakhonde ndi amayi ndi achimwene, ine pamphasa chapatali.

"Mulungu ndi wamkulu, alamu. Ndabwera kudzatenga anthu anga, ntchito yachuluka, manja akuchepa."

Achimwene anatsegula pakamwa, koma ndinawatsogolera. Mawu anatuluka aang'ono.

"Adokotala anakuuzani zinthu zingati?"

Anayang'ana tayala la njinga. Ndinafunsanso.

"Ziwiri. Koma Blantyre ndi kutali, mayi, ndipo fodya..."

"Masulani piloyo," ndinatero. "Ndi wanga, ndinasoka ndine."

Anamasula. Mfundo inavuta, tonse tinangodikira. Njinga anachita kuikankha mpaka pamsewu.