Timabowo Tinayi

LACHIWIRI

Elísio 10:42
mana Telma mlongo wanga, amayi atuluka ku opaleshoni? dotolo anati ola limodzi, pano akwana atatu

Telma 11:30
atuluka. ali moyo

Elísio 11:30
ali moyo?? yankho lanji limenelo

Telma 11:38
ndulu achotsa, kma za timabowo tinayi zija zakanika. atalowetsa kamera anapeza mkati zamatana, magazi nkuyamba kutuluka. achita kung'amba mimba

Elísio 11:39
AYI. tinagwirizana timabowo! angasinthe bwanji munthu ali mtulo, osafunsa wina aliyense?

Telma 11:46
akuti akanadikira akanawataya. komanso papepala ndinasayina lija zinalipo, m'chiputukizi. sindinawawerengere amayi

Elísio 11:47
akanakhala mkazi wa bwana akanamukhazika pampando nkumufotokozera bwinobwino. ife akumapiri amationa ngati matumba a mbatata

Telma 11:49
nde ukukalipira ine? dotolo ndine?

LACHITATU

Telma 07:15
thupi latentha. akuti madzi a ndulu akudontha mkati, mpaka awatsegulenso mawa mmawa. amayi akukana

Elísio 07:16
wina awafotokozere m'chinyanja! kuyankhula ndi wodwala nkoletsedwa kumeneko?

Telma 08:50
enfermera wina, nesi wa ku Fonte Boa wodziwa chinyanja, wakhala nawo pabedi, wawauza zonse osabisa, ngakhale zoti akakana mwina sadutsa sabata

Elísio 08:50
nde?

Telma 08:53
angoti "nayenso Elísio ankafotokoza bwino"

Telma 09:04
mano Elísio, ndikufunse. vidiyo unawaonetsa pafoni pako ija, imene inawachititsa kuvomera. za kung'ambazi zinalimo?

Telma 09:31
ndikuona kuti wawerenga

Elísio 11:58
zinalimo. kumapeto

Elísio 11:59
ndinaimitsa isanafike pamenepo. chimwalirireni mng'ono wawo a Inácia pa opaleshoni, ukudziwa mmene amaopera mpeni. akanamva, shapa, minibasi yopita kuchipatala ija, sakanakwera. ndipo pavidiyopo anati zimachitikira anthu ochepa chabe mana

Telma 12:05
dzulo lonse umatukwana madotolo kuti amabisa

Elísio 12:06
ndikudziwa

Telma 12:07
ine ndakhala chete papepala, iwe wadula vidiyo. awiri ana awo. uwauze wekha, ine pakamwa pauma

Elísio 12:40
🎤 mawu 0:52
"Amayi, ndine. Ndinadziwa kuti mwina adzang'amba, ndinakubisirani dala. Ndinaona kuti mukuwonda, chakudya chikukanika kulowa, ndinachita mantha. Za mawazi sindikulonjezani kanthu. Zidzapweteka, ndipo palibe akudziwa mmene zithere. Koma mukakana... Amayi, mundikwiyire muli moyo."

Elísio 13:15
amva?

Telma 13:44
ndinaika foni pakhutu pawo. afika pamene ukuti unabisa dala, atembenukira kukhoma. ndaisiya mpaka yatha

Elísio 13:45
anenapo chiyani

Telma 13:52
afunsa ngati nyemba zakudimba wathirira

Elísio 13:53
ndathirira. uwauze kuti ndathirira

Elísio 15:10
ndikubwera kumeneko. ndili pa Ulongwe, shapa ikudikira kudzaza. tilimo anayi okha

Telma 15:26
dotolo wabwera ndi pepala lina. akuti lero asayine eni ake. lili pabedi

Elísio 15:27
alitenga?

Elísio 15:41
mana alitenga?

Elísio 16:20
📞 sanayankhe

Elísio 16:22
mana