Kafukufuku Amene Alamu Anayankha

Lolemba, 6 Okotobala

Manyazi andigwira lero. Ndili pakati pofotokozera anzanga mu ofesi, ndi mawu anga akukoleji aja, chifukwa chake mzere wa Wandevu, mmodzi wa opikisana pa chisankho, ukukwera, achimwene tulukiru pakhomo: "Iwe Mamina, mpando uli kuti muno?" Mtsikana wathu wojambula mizere anaseka mpaka kutsamwa tiyi. Zaka zonsezi ndakhala ndikutchedwa katswiri wa ziwerengero.

Chiikireni maliro a alamu, akazi awo, achimwene sakhazikika pakhomo pawo. Akuti nyumba ikuwayang'ana. Akhala pambali panga mpaka poweruka.

Lachiwiri, 7 Okotobala

Abweranso. Afunsa ntchito yanga yeniyeni. Ndawauza kuti timatola nkhani za ndale m'manyuzipepala n'kuziika pa tsamba limodzi la pa intaneti, ndipo ine ndimasonkhanitsa zotsatira za akafukufuku a chisankho n'kupeza chapakati. Akuti, "Ndiye kukoleji unakaphunzira kutola nyenyeswa za anzako?" Sindinatsutse.

Chondidabwitsa n'choti maso awo ali pa mzere wa Wadazi, wopikisana ndi Wandevu, munthu amene akhala akumunyoza moyo wawo wonse. Wailesi ikatchula Wadazi, alamu ankaomba m'manja mwadala, achimwene n'kunyamuka kukakhala panja. Banja lawo linkakoma ndi mkangano umenewo.

Lachitatu, 8 Okotobala

Ndadziwa tsopano. Aloza kadontho kamodzi kumanzere kwa tsamba lathu lija, kafukufuku wa mwezi watha. "Umu muli alamu ako." Akuti ofufuzawo anaimba foni alamu ali kale m'chipatala. Mpweya uli wochepa choncho, anauza namwino awagwirire foni kukhutu, n'kuyankha mafunso onse. Pofika pa dzina anatchula Wadazi mokweza kuti amuna awo amve bwino, kenako n'kuwatsinzinira diso.

Lamulo lathu ndi lakuti kafukufuku akakwanitsa mwezi sawerengedwanso. Ameneyu akugwa Lachisanu m'mawa.

Lachinayi, 9 Okotobala

Ndakalowa kwa akonzi. Ndinayamba ndi ukatswiri: akafukufuku achepa masiku ano, bwanji titalikitseko nthawi? Anandiyang'anira pamwamba pa magalasi. "Lamuloli analemba ndani?" Ndine. Ndinalimenyera nkhondo mpaka thovu kukamwa. Basi ndinangowauza zoona zake. Iwo akuti, "Pepa mwanawe. Koma tikasunga mmodzi chifukwa cha maliro, mawa atinena kuti Wadazi watigula." Sananame.

Nditabwerera pa desiki ndinatsegula pamene pali deti la kafukufukuyo. Kungosintha nambala imodzi, alamu akanakhalamo mlungu wina, popanda wodziwa. Ndinayang'ana, ndinayang'ana, n'kutseka.

Masana achimwene agulira ofesi yonse zakumwa. Aliyense akuwatchula kale ankolo. Sindinawauzebe.

Lachisanu, 10 Okotobala

Afika ndisanavule jekete. Ndawauza ndisanayatse kompyuta, maso pansi ngati mwana woswa mbale.

"Ukuwafufuta?"

Ndinati ayi, kafukufukuyo akhalabe pa tsamba, kungoti sawerengedwanso.

"Ndiye ngati kumanda. Dzina lilipo, mwiniwake savota."

Anati ndiyatse. Kadontho kaja kanasanduka kotuwa, mzere wa Wadazi n'kutsika pang'ono zedi, moti wosadziwa sakanaona. Anasendeza nkhope pafupi. "Ndi pomwepa? Phokoso lonse lija la mkazi wanga, ndi kakang'ono aka?" Ndinayamba kufotokoza kuti ofunsidwa anali ambirimbiri ndipo iwo anali mmodzi chabe. Anakweza dzanja, ndinasiya. Koleji yanga yonse inathera pamenepo.

Anakhala mpaka tiyi wawo kuzizira. Mu ofesi monse aliyense akunamizira kulemba. Akonzi anadutsa kawiri, kachitatu n'kungowagwira paphewa.

Chakumasana anaimirira n'kuphumphutha buluku. Akuti azichemwali a malemu akhala akuimba foni kufunsa tsiku lodzagawa zovala, ndipo iwo amangoiyang'ana foniyo ikulira. "Ndikawauze abwere Lamulungu. Udzabwere udzandithandize kutsitsa masutikesi, msana wangawu."

Ndinati ndiwaperekeze, anakana. "Gwira ntchito, anthu akudikira kunamizidwa."

Ndinaima pa windo. Pamsewu basi yoyamba inaima, kondakitala n'kuwakodola, iwo osasuntha. Yachiwiri anakwera.