Jekete la ku Joni

Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Senga Bay tilipo, ndipo mwendo wa amayi uja wasiya kutupa.

Jekete lachikopa munanditumizira lija landichititsa manyazi. Lolemba ndinalivala popita kukagulitsa usipa ku Salima, dzuwa likuswa mtengo, kuti anzanga alione. Nditafika padepoti m'maso munangoda bii, n'kugwa. Ndinatsitsimuka anyamata akabaza atandivula, akundikupiza ndi makatoni, khamu la anthu likuonerera.

Kuchipatala anesi anati, "Bambo, thukuta limaziziritsa thupi likamauma ndi mphepo. Nanga m'chikopamo likanauma bwanji?" Ndinangozyolika.

Pano kunyanja akunditchula kuti Ajoni. Chonde amayi musawauze, iwo akuganiza kuti anali malungo. Mukadzatumizanso kanthu, akhale malaya opepuka.

Mulungu akusungeni kumeneko.

Ine mng'ono wanu,
Limbani