Bisiketi Walumidwa Phazi

Bambo a Tisu,

Mukaweruka ku shifiti simundipeza. Ndathamangira kwa dokotala wa ziweto ku Crumlin ndi Bisiketi, buluzi wa Tisu, khandali ndalitenga. Buluzi wanu watsopano uja wamuluma phazi, zala ziwiri zikungolendewera, pamwala wa m'thanki ponse magazi okhaokha.

Ndinakuuzani ine kuti abuluzi a ndevuwa sakhala awiri m'thanki imodzi. Inu mumvekere, “Ngakhale nyama imafuna mnzake, Mayi a Tisu mumangoopa chilichonse.” Mpaka kujambula wanuyo atakwera pamsana pa Bisiketi, n'kutumiza pa gulu la abale anu, ati chikondi! Chikondi chake chiti? Amamuphangira nyale yotenthetsa ija. Masiku atatu Bisiketi osadya, ine ndikudandaula, inu mukuseka.

Chigawengacho ndachitsekera m'basiketi ya zochapa pafupi ndi hita, pamwamba ndatsindira ndi poto. Musachitsegulire. Muchibweze kumene munachitenga, kwa a Jared ku Ballymun, lero lomwe, ndipo mukachigwira musambe m'manja ndi sopo musanakhudze mabotolo a khanda. Hafu thuu mukamutenge Tisu kusukulu. Akafunsa za buluzi wake mumufotokozere nokha, kaya ndi m'Chingerezi chake chija. Ine sindinama m'malo mwanu.

Pepani, Bisiketi ndamukulunga m'juzi yanu ya kwaya ija, ndi yomwe inali pafupi.

Ndikabwera n'kuchipeza chikadali muno, mugona nacho pa sofa awiriwiri, chikukwereni pamsana, tidzajambule.

Ine,
Prudence