Nkhope ziwiri pagalasi la saluni

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 58, ntchito yanga ndi yolemba zikwangwani. Mukadutsa mumsewu wathu, ng'ombe ili pakhoma la butchala, lumo la kwa ometa tsitsi ndi chinsapato chachikulu cha kwa osoka nsapato, zonsezo ndi dzanja langa. Sindikudzitama, koma pa nkhani ya bulashi ndi penti palibe angandiuze kanthu. Chomwe chandigwetsa mphwayi ndi kompyuta.

Mwana wanga wamkazi atagula yatsopano anandisiyira yakale, n'kundiikiramo pulogalamu yojambulira. Anati, "Ababa, masiku ano anthu akufuna zomata zosindikiza pamakina. Mukapanda kuphunzira, makwerero anu achita dzimbiri." Ndinaiika patebulo la pabalaza, pakati pa wailesi ndi zitini za utoto. Kwa miyezi itatu ndakhala ndikulimbana ndi kamausi, ndipo pang'onopang'ono dzanja linayamba kumva.

Tsopano mayi a kunyumba akutsegula saluni kumapeto kwa mwezi uno. Anandipempha chomata cha pagalasi lakutsogolo: nkhope ya mzimayi wolukidwa bwino, dzina la saluni pansi pake. Ine ndinati, "Nkhope yake ikhala yanuyo, tifuniranji ya mlendo?" Anaseka n'kunditcha wabodza, koma ndinaona kuti zawafika pamtima.

Ndinayambira ku ndolo zooneka ngati masamba, zomwe ndinawagulira tili pachibwenzi. Ndolozo zinatuluka bwino, koma nkhope inakana. Mphuno inapindikira kumanzere, diso limodzi linakwera pamwamba pa linzake. Ndinachita zomwe ndimachita pachikwangwani ndikalakwitsa: ndinasankha bulashi yaikulu ndi utoto woyera, n'kupaka ponseponse mpaka pepala lonse kuti mbee. Musandiseke, Aphungu, ndinapitanso kukamwa tiyi podikira kuti paume. Nditabwera ndinajambula nkhope yachiwiri chapambali pang'ono, ndipo iyi ndiye inatuluka mayi a kunyumba enieni, mpaka kamwetulidwe kawo.

Pakati pa ntchitoyi kompyuta inauma kawiri. Kamuvi kanasanduka kagudumu kongozungulira, kenako kunatuluka kabokosi ka uthenga wachingerezi komwe sindinakawerenge chifukwa cha mtima. Ndinaipatsa mbama cham'mbali monga timachitira ndi wailesi. Itakana, ndinazula pulagi kukhoma. Tsitsi lonse lomwe ndinaluka kuyambira m'mawa, chingwe chimodzichimodzi, linapita osatsanzika. Ndinayambanso, ndipo ulendo wachiwiri zinachitikanso chimodzimodzi.

Nditamaliza ndinaika chithunzicho mufulashi n'kupita kwa osindikiza. Mayi wa pamakina anandifunsa kukula kwake, ndinati mita imodzi, papulasitiki yoonekera. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi ake n'kunena kuti, "Bambo, kachithunzi kanuka n'kofanana ndi chikhatho changa. Mwatsimikiza?" Ine poganiza zaka zanga makumi atatu pantchito ndinati angosindikiza.

Tinakamata pagalasi mayi a kunyumba ali pomwepo, pamodzi ndi azimayi awiri omwe aziluka nawo tsitsi. Zilembo zinatuluka ndi mano ngati macheka. Zimenezo ndikanapirira. Koma dzuwa litawomba galasilo, kuseri kwa phewa la mayi a kunyumba kunaoneka nkhope ina yotuwa, ya mphuno yopindika, ikusuzumira. Ija ndinaikwirira ndi utoto woyera ija.

Onse anasendera pafupi ndi galasilo. Kenako mayi a kunyumba anati, "Bambo a ana, uyu ndine, chabwino. Nanga akusuzumira kumbuyo kwangayu ndi ndani?" Azimayi aja anafa ndi phwete, mmodzi mpaka anakhala pansi. Ndinalongosola kuti onsewo ndi iwo. Anandiyankha kuti, "Ine mphuno yotereyi ndinaitenga kuti?"

Kuyambira tsikulo chakudya chikubwera, koma popanda nkhani. Andipatsa masabata awiri. Zikakanika, akuti ntchitoyi aipereka kwa munthu wina wa zikwangwani yemwe timangomutcha kuti Supuleyi poti penti amachita kupopera. Aphungu, munthu ameneyu anawafunsirapo mayi a kunyumbawa ine ndisanafike, ndipo mpaka lero amawavulira chipewa akamadutsa. Chilichonse chomwe wapanga amalemba dzina lake pakona. Tangoganizani ine kumadutsa tsiku ndi tsiku pa saluni ya mkazi wanga, dzina la munthu ameneyo lili pagalasi. Zikundiwawa, sindikubisirani.

Mzukwa umenewu wachokera kuti, poti pasikirini panga sukuoneka? Kompyutayi yakalamba, kapena wakalamba ndine? Ndithandizeni ndisanabwerere kumakwerero.

B. K., kuseri kwa msika

*

Bambo B. K.,

Ndaseka, mundikhululukire, makamaka pa tiyi uja. Koma mtima pansi. Simunakalambe, ndipo kompyutayo ikadali ndi moyo ngati musiya kuimenya. Vuto ndi lakuti mwalowa m'nyumba yatsopano ndi malamulo a pamakwerero.

Tiyambe ndi mlendo wa pagalasi. Mabulashi ambiri a m'mapulogalamu ojambulira amapaka utoto wopyapyala, ngati penti yomwe mwachulutsa madzi. Pamwamba pa sikirini pamakhala kanambala koonetsa kulimba kwa utotowo, ndipo kakakhala pansi pa 100, zomwe mwakwirira zimatsalako pang'ono. Sikirini yakale imabisa zotuwa zoterezi, koma makina osindikiza sabisa kanthu, ndipo pulasitiki yoonekera ikakumana ndi dzuwa imaulula zonse. Pakompyuta sitikwirira zolakwika, timazichotsa. Mukangolakwitsa, gwirani batani la Ctrl n'kudina Z, ndipo mzere womwe mwangojambulawo uchoka ngati sunakhalepo. Zolakwika zakalekale muzichotse ndi chida chofufutira, chija chooneka ngati labala ya ana asukulu.

Chachiwiri, phunzirani maleya, ndipo muwaphunzire lero. Ali ngati mapepala oonekera osanjikizana. Nkhope ikhale pa lake, tsitsi pa lake, ndolo pa lake, zilembo pa lake. Mphuno ikapindika, mumakonza pepala la nkhope lokha, tsitsi osalikhudza. Mukanatero, nkhope yoyamba ija mukanaitaya ndi kudina kamodzi.

Nkhope yachiwiri musaitaye, poti mwati ndi amayiwo enieni. Tsegulani pepala latsopano lalikulu, muiike pa leya yapansi, muikulitse, kenako muzitsatira mizere yake pa leya yapamwamba monga munkachitira pokopera chithunzi pawindo. Mukamaliza, yapansiyo muichotse yonse, ipite pamodzi ndi mlendo wake. Pofuna kutsimikiza kuti palibe chatsalira, ikani pansi pa zonse leya yakuda bii kwa kanthawi. Litsiro lililonse lotuwa lidzaonekera pamenepo. Mausi akakutopetsani, jambulani nkhopeyo ndi bulashi yanu yeniyeni papepala loyera, osindikiza akakulowetsereni m'kompyuta ndi makina okopera zithunzi aja amati sikana. Dzanja la zaka makumi atatu si lobisa.

Za mano a macheka, mayi wa pamakina anakuchenjezani inu n'kuumirira. Safunsa anadya phula, ndiye inu munachita kuuzidwa koma n'kudyabe. Chithunzi cha pakompyuta chimapangidwa ndi timadontho, ndipo mukakoka kachithunzi kakang'ono kuti kakwane mita, timadonthoto timafufuma mpaka kuoneka ndi maso. Bwererani kwa mayiyo modzichepetsa, muwafunse manambala a kukula kwa pepala ndi kuchuluka kwa timadontho komwe makina awo amafuna. Akulembereni papepala, ndipo muwaike mupulogalamu musanajambule mzere ndi umodzi womwe. Zilembo muzilembe ndi chida cholembera mawu, osazijambula ndi mausi. Musanasindikize chachikulu, apempheni ayambe asindikiza kachigawo kakang'ono papulasitiki yomweyo, mukakaone padzuwa muli nokha, azimayi oluka aja kulibe.

Tsopano za kuuma. Kompyuta yakale ikasenza chithunzi chachikulu imapuma wefuwefu, ndipo kagudumu kaja nthawi zambiri kamangotanthauza kuti dikirani. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Apa ndiye poyenera tiyi wanu uja: isiyeni mphindi zisanu kapena khumi musanakhudze kanthu. Kabokosi ka uthenga kakatuluka, kajambuleni ndi foni mutumizire mwana wanu, chifukwa mawu amenewo ndiwo amanena komwe kukupweteka. Zikakanikadi, tsekani pulogalamu yokhayo, kenako muzimitse kompyuta ndi kuiyatsanso mwa njira yake. Kuzula pulagi kukhoma kungaononge ngakhale zithunzi zomwe munasunga kale.

Pojambula, tsekani zina zonse, nyimbo ndi masamba a intaneti omwe. Muonenso ngati malo osungira zinthu sanadzaze. Mwana wanu ayenera kuti anasiyamo mafilimu ake. Kompyutayo ichotseni pakati pa zitini za utoto, ipeze mpweya, ndipo mupukute fumbi pa timabowo totulukira mphepo yotentha.

Koposa zonse, sevani. Ctrl ndi S, nthawi iliyonse yomwe pachikwangwani mukanaviika bulashi muchitini. Tsiku lililonse sungani ntchitoyo ndi dzina latsopano, saluni 1, saluni 2, saluni 3, kuti lero zikaonongeka mubwerere ku za dzulo. Madzulo muzikoperanso mufulashi. Mukatero, tsitsi la amayi silidzathothokanso.

Masabata awiri ndi ambiri, ntchitoyi ndi ya masiku anayi. Koma pali ina yomwe kompyuta singakugwirireni. Ine sindikukhulupirira kuti amayi akuganiza zoti muli ndi chibwenzi cha mphuno yopindika. Anasekedwa pamaso pa antchito awo, pagalasi la bizinesi yomwe aivutikira, ndipo chimenecho n'chomwe chikuwawa. Pepesani kaye pa chimenecho, osayamba ndi maleya. Kenako tengani chomata chakale chija, muchiyanike pawindo la pabalaza, muwaitane, muwalozere khutu la mlendoyo. Mwandiuza nokha kuti munayambira ku ndolo zamasamba. Zilipo pamenepo, zotuwa koma zilipo, ndipo pamsewu wanu wonse ndi mzimayi mmodzi yekha ali nazo. Supuleyi angavule chipewa mpaka dazi lipse ndi dzuwa, koma sadziwa komwe ndolo zimenezo zinagulidwa.

Pojambula yatsopano, amayi akhale pambali panu. Asankhe okha malukidwe, ndipo pakona pa chomatacho mulembe dzina lanu iwo akuona.

Chenjezo langa ndi ili: mbama musaipatsenso kompyutayo, si wailesi. Ndipo akakufunsaninso za mphuno ija, musayerekeze kunena kuti munkangojambula zomwe mumaona. Mlandu wonse muukankhire kwa mausi, iwo sadya pakhomo panu.

Aphungu