Abwana Obisala Kuseri kwa Matumba

Wovwe, Karonga
18 Ogasiti 2024

Okondedwa achemwali anga a Dora,

Ndikhulupirira kuti kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Ntcheu. Ife kuno tili bwino, kungoti dzuwa la ku Karonga layamba kale kutiwamba ngati usipa, chonsecho Okutobala sanafike. Kalatayi ndaiika pakamwa pa thumba la mpunga wa Kilombero limene ndakutumizirani pa basi. Musadabwe kuti ndalemba m'malo moimba foni. Ndimakudziwani inu, ndikanangoyamba kufotokoza mukanandidula ndi phwete lanu lija, mayunitsi n'kuthera m'kuseka.

Choyamba ndiulule tchimo. Miyezi itatu yonseyi mukandifunsa za chigayo changa chopunthira mpunga ndimati zonse zili bwino. Linali bodza lamkunkhuniza. Chigayo chinatsala pang'ono kutsekedwa, ndipo wolakwa sanali wina koma ine mng'ono wanu. Paja tsiku limene ndinkasiya ntchito ya ukalaliki munandiuza kuti, "Prisca, mutu uli nawo, koma mtima wako wapachalawo udzakugwetsa." Ndinakwiya nanu sabata yathunthu. Lero ndikuvomera, ngakhale kuti zikundiwawa kulemba.

Zinayamba mu Meyi, kukolola kuli mkati. Woyendetsa makina anga anali a Chakufwa, bambo wofatsa, wodziwa ntchito, amene sanajombepo n'tsiku limodzi lomwe. M'mawa wina lamba wa makina anaduka, alimi ali ndandanda panja ndi ngolo zawo. Ine m'malo mofunsa chachitika, ndinatuluka mu ofesi ndi moto. Ndinakuwa kuti, "Kodi m'mutu mwanumo muli ubongo kapena mankhusu?" Achemwali, pamzerepo panali amayi a kutchalitchi kwawo, panalinso akazi awo. A Chakufwa anavula ovololo, n'kuipinda bwinobwino, n'kuiika pa sikelo. Anangoti, "Yewo, mama," basi n'kukwera njinga yawo.

Ine ndi matama angawa ndinati makina si ufiti, ndiyendetsa ndekha. Mpunga umene unkatuluka, mukanauona mukanalira. Wosweka wokhawokha, umene kuno amati chenga, woyenera phala la mwana. Pasanathe masabata awiri amayi a m'sikimu ya mpunga ya kuno anali atatcha malo anga kuti chigayo cha chenga, ndipo ngolo zinayamba kungodutsa pakhomo panga kupita kuchigayo china chakutali. Pofika mu Juni makasitomala anga anali nkhuku zodzatola deya. Tinatsala awiri, ine ndi a Tusekile, mayi wachikulire amene amayeza ndi kusoka matumba, tikungoyang'anana.

Apa m'pamene amuna anga, alamu anu a Ambokile, anati, "Bwanji tipemphe atate? Paja anayendetsa makina ampunga zaka makumi awiri asanapume." Mukudziwa mwambo wa kuno umene ndinakuuzani nditangokwatiwa. Mkazi wokwatiwa sapenyana ndi apongozi ake aamuna, sakhala nawo pamodzi, salankhula nawo maso ndi maso, ngakhale dzina lawo salitchula. Mabanja ambiri anazisiya, koma m'banja limene ndinakwatiwamo zikadali zolimba. Zaka zisanu ndi ziwiri ndili pabanja, mapazi a apongozi anga ndimawadziwa bwino kuposa nkhope yawo. Ndikawaona panjira ndimapatukira m'nthochi. Nanga ndikanakhala bwanji bwana wawo?

Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndinavomera, iwonso anavomera. Tinaunjika matumba kuchokera pakhomo la ofesi mpaka pafupi ndi makina, n'kukhala ngati khoma, kuti ndizidutsa kuseri osaonana nawo. Tangoganizani, mwini chigayo, amene chikwangwani chapanja chili ndi dzina lake, akuyenda chowerama kuseri kwa matumba ake omwe ngati wadzaba.

Tsiku loyamba lomwelo ndinamva kulira kwa makina kutasintha. Madalawo anamasula apa, anamanga apo, n'kumatchera khutu ngati akumvera wodwala. A Tusekile anandibweretsera mpunga wodzaza manja, wathunthu, woyera, wonunkhira mpaka mu ofesi. Ndinavina ndekhandekha m'menemo, osapanga phokoso. Mbiri inamveka m'sikimu monse, ndipo ngolo zinayambanso kukhotera kwathu.

Chisangalalo chisanakhazikike, kunabuka vuto lina. Apongozi anga ndi munthu wa anthu, sadziwa kukana mnzawo. Akabwera mkulu wa mpingo, amati lowetsani matumba anu. Akabwera mnzawo wa pabawo, lowetsani. Akabwera msuweni wa ku Iponga, lowetsani. Amayi amene afika m'bandakucha ndi ana kumsana ankakhala padzuwa mpaka masana, akuona amuna ofika mochedwa akunyamuka ndi mpunga wawo. Ine ndinkazionera pampata wa matumba, mtima ukuwira, pakamwa ndatseka ndi nsalu.

Lolemba lina mayi Yunike, wapampando wa gulu la amayi makumi anayi olima mpunga, analowa mu ofesi osagogoda. Anakhala pansi, n'kundiyang'ana, n'kuti, "Mama, mpunga wanu tsopano uli bwino, koma mzere wanu wavunda. Lachisanu gulu likukumana kuti tisankhe chigayo chimodzi chopunthitsako mpunga wathu wonse. Zikakhala chonchi, ife tipita kwina, ndipo ulendo uno sitibwereranso." Amayi amenewa ndiwo msana wa chigayo changa. Akanachoka, ine ndikanayamba kufunsira ukalaliki kachiwiri.

Ndinatuma alamu anu kuti akalankhule ndi atate awo. Anapita molimba mtima, anakhalako maola awiri. Pobwera ndinawafunsa kuti zayenda bwanji, iwo akuti, "Takambirana bwino kwambiri. Akuti ng'ombe yakuda ija ili ndi bere." Mphunzitsi wathunthu, wozunguza ana a Fomu 4, koma pamaso pa atate ake amasanduka mwanapiye. Ndinafuna kulemba kakalata, a Tusekile n'kundiletsa kuti kupatsa munthu wamkulu pepala ali pompo ndi chipongwe choposa kumutukwana. Ndinawapempha iwowo kuti akanene, anakana kwamtuwagalu. Anati, "Ine ndine wantchito mnzawo. Mutu ukakula sulewa nkhonya, mama. Chigayo n'chanu."

Apa ndinazindikira chinthu chochititsa manyazi. Ine njira yodzudzulira munthu ndinkaidziwa imodzi yokha, yokalipa. Atandilanda imeneyo, ndinalibe mawu ena. Masiku atatu ndinayeserera ndili kubafa, ndili pamoto, ndili panjinga, ndipo chiganizo chilichonse chimene ndinkapanga chinkathera m'chitonzo.

Lachinayi masana magetsi anathima, makina n'kukhala chete. Apongozi anakhala pabenchi yawo, tsidya lina la khoma la matumba, akudya chinangwa. Ndinati lero ndi lero. Ndinapempha a Tusekile kuti aime kumapeto kwa khomalo, poti tonse awiri tizitha kuwaona. Ine ndinagwada mbali yanga, mawondo pa simenti, msana utayang'ana kumene kunali iwo. Pakati pathu panali thumba limodzi lokha, moti ndinkamva ngakhale kutafuna kwawo.

Ndinati, "A Tusekile, muwauze atate kuti ndagha, zikomo kwambiri. Chigayo chino chinali chitafa, achidzutsa ndi iwo. Ndikamamva fungo la mpunga umene akutulutsa, ndimanyadira kuti ndinakwatiwa pakhomo pawo."

A Tusekile sanabwereze n'komwe, pakuti mawu anali atafika kale. Kutafuna kuja kunaleka.

Ndinapitiriza kuti, "Muwauzenso kuti pali chinthu chimodzi chikundisowetsa mtendere. Amayi ofika m'mamawa akumapunthitsa pomaliza, ndipo akuti mawa atisiya. Ndikudziwa kuti kukana mnzako wa msinkhu umodzi n'kovuta. Ndikupempha kuti kuyambira mawa woyamba kufika akhale woyamba kuthandizidwa, kaya ndi ndani. Wodandaula azimuuza kuti lamulolo n'langa, mlandu ugwere ine."

Mumtima ndinati basi, banja ndaliphwasula, chigayo ndachiphwasula, ndikamange katundu ndizipita ku Ntcheu. Kenaka ndinamva kuseka, kwapansipansi, mpaka benchi inayamba kulira.

Iwo anati, "Tusekile, uwauze abwana kuti ndamva. Ine zamzerezi zimandivuta kuyambira kale, koma ndinkasowa pobisalira. Mnzako akakuyang'ana m'maso ungamuuze chiyani? Tsopano ndapeza chonena." Anakhosomola pang'ono, n'kuwonjezera kuti, "Uwauzenso kuti ine ndinabwera kuno nditamanga lamba, chifukwa ndinamva kuti pano pali mkango. Lero ndamva mawu a munthu. Akanalankhula chonchi ndi Chakufwa tsiku lija, bwenzi ine ndili kudambo ndi ng'ombe zanga."

Achemwali, mawu amenewo anandilasa kuposa ndodo. Ndinalira chogwada pomwepo, mwakachetechete, a Tusekile akunamizira kufuna singano yawo pansi.

M'mawa wa Lachisanu, amayi khumi ali kale pamzere, anatulukira mkulu wa mpingo uja ndi ngolo yake, n'kulunjika pakhomo monga mwa masiku onse. Ine diso lili pampata wanga. Apongozi anatuluka, anamupatsa moni wautali wa kuno uja, anafunsa za kunyumba ndi za ziweto, kenaka anati, "Mnzanga, pano ndine wantchito. Abwana anga akuti mzere. Inu ndinu wa nambala leveni." Anamutengera benchi yawo yomwe n'kumuikira pamthunzi. Mkuluyo anayang'ana uku ndi uku, n'kukhala. Mayi wina anaimba nthungululu, anzake n'kulandira. Madzulo ake mayi Yunike anabwera kudzandiuza kuti gulu lasankha chigayo changa, ndipo ulendo uno anagogoda.

Loweruka ndinapalasa njinga kupita kwa a Chakufwa. Ndinawapeza akukonza mpope wa munthu pakhonde. Ndinapepesa mmene ndikanathera. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Mama, ndamva. Koma munandivula pagulu, ndiye mukufuna kundiveka kuseri?" Ankanena zoona. Lolemba anabwera kuchigayo, ndipo ine, amayi ali pamzere, akazi awo ali pomwepo, ndinanena mokweza kuti ndinawalakwira bambo amenewa ndipo ndikupempha chikhululuko. Ndi tsiku loyamba limene mawu anga aakuluwa anagwira ntchito yabwino. A Chakufwa ayambanso ntchito mwezi wamawa, ndipo apongozi akuti azingobwera Lachitatu kudzamvera makina. Ovololo ija ndaichapa ndekha.

Sindikunena kuti ndasanduka mngelo. Dzana lomweli woyendetsa ngolo wina anagunda chipata, ndipo mawu oyamba anali atafika kale pammero. Koma tsopano ndisanatsegule pakamwa ndimadzifunsa kuti, akanakhala apongozi ndikanayamba bwanji? Ndikatero ndimapeza kuti mawu alipo ambirimbiri, ndinkangowasiya chifukwa cha ulesi. Maloto anga sanachepe ayi. Chaka chamawa ndikufuna makina achiwiri, komanso kulongedza mpunga m'mapaketi a dzina lathu kuti uzifika mpaka m'masitolo a ku Lilongwe. Mundifunsireko kumeneko ngati pali wogulitsa amene angayeseko matumba asanu. Komanso chonde nditumizireniko nyemba ndi mbatata ya kachewere ya ku Tsangano, kuno nthochi zophika zandikola.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mpungawu si wogawira anzawo a kumpira. Ana onse muwapsompsone, makamaka Ireen amene ndamva kuti watengera pakamwa pa ine, mumulange msanga. Alamu anu a Ambokile akupereka moni, ng'ombe yakuda nayo yabereka.

Moni womaliza si wanga. Dzulo pamene a Tusekile ankasoka thumba lanuli, apongozi anafunsa kuti likupita kuti. Atamva kuti n'lanu, anakana kuti tiike mpunga wamba. Anasankha okha, anapuntha okha, n'kufunsa kuti kodi achemwali amenewo ndi aja analera abwana makolo atamwalira, n'kusiya sukulu ali Fomu 2 kuti mng'ono wawo aphunzire? A Tusekile anati ndi omwewo. Ine ndinali kuseri kwa khoma langa, ndikumva zonse. Iwo anati, "Uwauze abwana alembe m'kalatamo kuti ife a ku Karonga tikuti ndagha. Tinkayesa kuti tinalandira mkazi wa mwana wathu, koma anatitumizira mwana."

Ndalemba monga ananenera, achemwali, sindinawonjezere kanthu. Mawuwo ndi anu.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Prisca