Ndinabadwira Mbali Iti, Amayi?

Lusaka,
14 Okutobala 1996.

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino kwa Pembamoyo kumeneko. Kodi bondo lija linasiya kutupa? Ine kuno ndili bwino, kungoti kwatentha zedi, ndipo chimfine chinandigwira sabata yatha koma chapita. Kalatayi muwerenge nokha, Amayi. Magalasi anu aja muwafunefune, musapatse munthu wina kuti akuwerengereni, ngakhale Elinata. Ndi mng'ono wanga ndipo ndimamukonda, koma pakamwa pake mukupadziwa.

Nkhani ndi iyi. Yunivesite yathu yagwirizana ndi ina ya ku Malawi kuti aziphunzitsa limodzi maphunziro a zaulimi. Chaka chamawa ophunzira asanu ndi mmodzi a kuno apita kumeneko, a kumeneko nawonso abwera kuno, ndipo mayeso adzakhala amodzi. Dzina langa latuluka, ndipo mtsikana ndine ndekha. Tsiku limenelo ndinavina m'chipinda mpaka mnzanga wogona naye anandifunsa ngati ndapeza banja.

Chimwemwecho sichinakhalitse. Atipatsa mafomu a pasipoti, ndipo akufunsa kumene ndinabadwira ine, kumene munabadwira inu, ndi kumene anabadwira malemu atate. Mwamva nokha pa wailesi mmene zinthu zilili masiku ano. Anthu amene akalambira muno akuuzidwa kuti si a kuno chifukwa cha kumene anachokera makolo awo. Ngati zikuwagwera anthu oyenda pa galimoto, nanga ine mwana wa mkamwini amene anachita kuwoloka malire wapansi kuchokera ku Malawi kudzakwatira?

M'kalasi mwathu muli mnyamata wina dzina lake Manase. Pa mndandanda wa opita ku Malawi ali wachisanu ndi chiwiri, kutanthauza kuti wina akagwa, wokwera ndi iyeyo. Zaka zitatu taphunzira limodzi, moni wake unali wa m'mphuno. Lero wayamba kundisungira malo ku laibulale, dzana anandigulira ndi zitumbuwa zomwe. Akuti amakonda kumva za kwathu. Anandifunsa ngati mudzi wathu uli pafupi ndi malire, kenaka n'kufunsanso, mochita kuwatchula dzina, kuti atate ankapita kuti pa Khirisimasi. Ndinamuyankha kuti ankapita kutchalitchi. Anaseka, koma kuseka kwake kunali kwa pamano chabe. Chikondi cha nkhwangwa ichi, chokoma pokwera.

Mwina ndikumunamizira mwana wa eni. Koma anamuuza ndani kuti atate anali a Zebron? Dzina limeneli ine sindinalitchulepo pano. Ndikukayikira msuweni wanga Lemmy, amene amabweretsa mtedza kumsika kuno, chifukwa mkulu wake wa Manase amagula kwa iye. Lemmy akangolawa mowa amafotokoza mbiri ya mudzi wonse, kuyambira anthu mpaka mbuzi.

Tsopano ndifike pa inu, ndipo mundikhululukire. Pa chitupa changa analemba kuti ndinabadwira kwa Pembamoyo, monga munawauzira. Koma pa maliro a atate, azakhali a Ebelesi a ku Malawi aja anandigwira dzanja n'kunena kuti mchombo wanga anaukwirira okha kuseri kwa nkhokwe yawo. Inu munawaponda phazi, mumayesa kuti sindinaone. Ndinaona, Amayi. Khadi la ubatizo la Elinata lili m'Baibulo mwanu mpaka lero, koma langa sindinalionepo. Nditafunsa koyamba munati linadyedwa ndi chiswe, ulendo wina munati linapsa ndi nyumba yakale ija. Koma chiswe ndi moto sizingadye khadi limodzi.

Sindikukuimbani mlandu. Ndikudziwa kuti mwana akafuna kutuluka safunsa kuti ndi dziko la ndani, ndipo kwathuko malire ndi mzere wa m'munda chabe. Inu mumawoloka ndi dengu pamutu popita kuchigayo, palibe amene amakufunsani. Ine amene ndaphunzira ndiye ndikusowa tulo ndi pepala limodzi. Zikundipweteka, ndiponso ndili ndi mantha.

Pempho langa ndi limodzi. Mundilembere zoona zokhazokha, ndipo ngati khadilo lilipo muliike momwemo. Musapatsire Lemmy, kapena wina aliyense wobwera kuno. Mupite nokha ku positi ku boma, ngakhale bondolo likuvuta, mukatumize kalata yolembetsa. Mafomu akuwafuna pa 8 Novembala.

Mukati ndinabadwira kwathu, ndilemba ndi mtima woyera, Manase adye zitumbuwa zake yekha. Mukati kutsidya, ndikauza aphunzitsi kuti ndasintha maganizo chifukwa inu mukudwala, malowo atenge iyeyo. Ndidzalira, koma kulibwino kutaya ulendo kusiyana ndi kulemba bodza pa pepala la boma, lidzaululike ine ndili kale ku Malawi, njira yobwerera n'kutsekeka, sukulu n'kuthera pomwepo. Ndatsala ndi chaka chimodzi ndi theka, Amayi, ndipo mukudziwa mmene mwalimira kuti ndifike pano.

Mupereke moni kwa amalume a Philemon ndi akazi awo, kwa Elinata ndi alamu, ndi kwa amayi onse a chigwirizano. Akafunsa zimene ndalemba, muwauze kuti ndimafunsa za bondo.

Chilichonse chimene mungandiuze, ndidzakhalabe wanu. Koma ndimve kwa inu amene munandibereka, osati kwa munthu wa yunifolomu pa malire.

Ine mwana wanu woyamba,
Olipa.